Mwana wa Lorna

"Lemba atatu," anatero azakhali a Keziya akugogoda kope ndi chala. "Iwe, Lewis, ndi uja wa ku Ndola. Ana atatu."

Pauline anaimika bolopeni. Anali atakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpope umene unasiya kalekale kutulutsa madzi, akulemba mbiri ya bambo ake yoti ikawerengedwe kumanda mawa lake. Zina zonse zinali zitalembeka bwino. Ignatius Daka, wobadwira ku Katete, anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu m'chipinda chogawira nyali za amuna olowa pansi, anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzake migodi ikugulitsidwa, ndipo anamwalira Lolemba ndi chifuwa. Chinatsala chinali chiwerengero cha ana amene anasiya.

"Nizalemba bwanji munthu wamene sitinamuonepo, azakhali?"

"Ndiye mukamufune. Kwathu sitikwirira munthu mwana wake ali kutchire osadziwa. Akadzamva m'mawa muno adzatiyesa afiti. Mlongo wanga analakwa, inde, koma magazi ndi magazi."

Azakhaliwo anali atafika dzulo lake kuchokera ku Katete, miyendo itatupa ndi basi, koma pakamwa pali pabwinobwino. Ngakhale iwo, kumudzi konse kuja, nkhani ya Lorna ankaidziwa. Ndani sankaidziwa? A Daka anaimba nyimbo zambiri pa moyo wawo, koma imene inawatchukitsa inali imodzi, ya mu 1975, yotchedwa "Undidikire pa Geti". Mwamuna akupempha mkazi kuti amudikire pa geti ya mgodi shifiti ikatha, mkazi akuyankha kuti adikira ngakhale dzuwa lilowe. Pa mbale ya galamafoni panalembedwa dzina la a Daka lokha, koma mawu a mkaziyo ndi amene anagulitsa nyimbo. Pakati pa ndime yachiwiri mkaziyo amadukiza mawu, nkupuma mwadzidzidzi ngati wina wamugwira m'chiuno, kenako nkupitiriza. M'mabala a Kitwe yense anthu ankadikira malo amenewo, mabotolo ali m'mwamba, kuti akuwe.

Mkaziyo ankati ndi Lorna wa ku Ndola. Palibe anamuonapo, koma aliyense ankamudziwa. Ena ankati ndi woyera ndi mafuta, ena ankati amavala wigi ndipo amasuta. Pofika zaka khumi anali atamupatsa nyumba, galimoto ndi mwana wa a Daka. Anthu a m'komboni akafuna kuumba munthu safuna dothi.

Pauline analowa m'nyumba. Mipando yonse inali itatulutsidwa panja kumene amuna anakhala mozungulira mbaula, pansi pa tenti ya masaka osokedwa. Kale mgodi ukanatumiza tenti yeniyeni, nkhuni, bokosi ndi lole. Tsopano unali ndi eni ake atsopano amene a Daka sankawadziwa. M'chipinda chochezera amayi a bungwe la Anna Woyera anakhala pansi atatambasula miyendo, akuimba motsitsa. Pakona, pa matiresi, panagona mayi ake, a Anastasia, chitenje chitaphimba mutu monga wamasiye ayenera.

Anagwada pafupi nawo. "Amai, azakhali akuti nikafune mwana wa Lorna."

Chitenje chinagwedezeka pang'ono. Mayi wina amene anakhala pambali anapukusa mutu. "Musawavutitse, mwanangu. Amai aba apirira maningi. Ngati kumwamba kuli mipando, wawo ni wa kutsogolo."

Mawu amenewa Pauline anakula nawo. Mayi ake anali chitsanzo cha parishi yonse. Mtsikana akathawa ku ukwati, alangizi ankamuuza kuti akaone a Anastasia, amene amamva chibwenzi cha mwamuna wawo chikuimba pa wailesi tsiku ndi tsiku koma osadandaula. Pauline ankawanyadira, ndipo chifukwa chowanyadira ankadana ndi bambo ake.

Chidanicho chinali ndi tsiku lake loyambira. Ali fomu thu, atsikana a m'kalasi anamuzungulira pa nthawi yopuma nkumuimbira malo aja, akudzigwira m'chiuno, akuti ndi mayi ake aang'ono amenewo. Atafika kunyumba anapeza bambo ake ali pa galamafoni monga ankachitira Lamlungu lililonse, ndipo nthawi zina pakati pa sabata. Sankaimvera nyimbo yonse. Ankanyamula singano nkuiika pamalo amodzi omwewo, mkazi uja akapuma, nkuibwezanso. Atamuona anakweza chala m'mwamba, nkhope ili ngwee.

"Polina, tamvera apa. Tamvera apa, mwanangu."

"Mulibe manyazi," anatero Pauline, yunifomu akadali nayo m'thupi. "Pamaso pa amai?"

A Daka anayang'ana akazi awo. A Anastasia anaweramira nsalu imene ankasoka. Chala chija chinatsika pang'onopang'ono. Kuyambira tsiku limenelo Pauline sanawaitanenso kuti atate. Ankati a Daka, ngati munthu wobwera kudzawerenga mita ya magetsi. Papita zaka khumi ndi chimodzi. Atagonekedwa m'chipatala mwezi wathawu anatumiza Lewis kawiri kudzamuitana, iye nkuti ku ofesi kwachuluka ntchito, chonsecho ofesiyo inali ikutsekedwa ndipo ankangokhala kuyang'ana makabati opanda kanthu.

Lewis ndiye anamuuza kumene angayambire. Mwa amene anajambula nyimbo ija anatsala ndi moyo mmodzi, a Wilbroad oimba gitala ya besi, amene ankakhala ku Itawa, mu Ndola. Pauline anakwera minibasi dzuwa lisanafike pamutu. Sanapite chifukwa cha azakhali. Ankafuna kumuona ndi maso mkazi amene anamulanda bambo ake, ndipo ngati mwana analipodi, amuimike kumanda pamaso pa anthu onse kuti a Daka apite ndi manyazi awo.

Polowa mu Ndola minibasi inadutsa mafakitale otsekedwa, udzu utamera mpaka m'mageti. A Wilbroad anawapeza kuseri kwa nyumba ya eni, m'kanyumba ka antchito, atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala akukonza wailesi ya munthu. Mwendo umodzi unali wotupa, atauika pa chitini. Atamva dzina lake anavula chipewa nkuchiika pachifuwa.

"Ninamvela pa wailesi, mwana wandi. Mwendo uyu ndiye wanikaniza. Bawiso, atate ako, anali munthu."

"Nabwela kufunsa za Lorna."

"Awe," anatero a Wilbroad, nkuyamba kufunafuna sikuludiraiva imene inali m'manja mwawo.

"Mawa tiika malilo. Akuti kuli mwana. Imwe munaliko tsiku lija, ba Wilbroad. Niuzeni chabe."

Mkuluyo anayang'ana Pauline, kenako anayang'ana mtengo. Munthu woimba ukamufunsa za tsiku limene anaimba bwino, ngakhale atalumbira chotani, pakamwa pamamuyabwa.

Anati linali Loweruka la mwezi wa Malichi. Situdiyo inali kuseri kwa shopu ya mipando, pafupi ndi njanji, kachipinda kopanda windo komwe makoma ake anakhomamo mathileyi a mazira kuti mawu asamabwerere. Lero amagulitsiramo salaula, zovala za kaunjika. Wojambula mawu, a Fanuel, anali munthu wouma mtima pa tepi, chifukwa tepi inkachokera kunja ndipo anawapatsa mkombero umodzi wokha wa nyimbo zitatu. Nyimbo ziwiri zinalowa m'mawa. Yachitatu inkafuna mkazi, ndipo mtsikana amene anapangana naye sanabwere.

"Tinayembekeza mpaka fotini awazi. Ba Fanuel ati sikisitini awazi nikhoma chitseko. Bawiso anatuluka panja, anabwela na mukazi. Mufupi, wamanyazi, mimba iyi apa." A Wilbroad anatambasula manja kutsogolo kwa mimba yawo.

Pauline anasendera pafupi. "Anali na mimba?"

"Ikulu sana. Ba Fanuel anamuvulisa nsapato chifukwa matabwa a pansi anali kulila. Maikolofoni inali imodzi, ya onse awili, nomba tinamuimika pa kileti ya mabotolo kuti alingane na bawiso."

Ulendo woyamba sitima inadutsa nkuwononga zonse. Ulendo wachiwiri waya wa gitala unaduka. A Fanuel analoza tepi imene inatsala ndi kunena kuti uwu ndi womaliza, wolakwitsa adziwa yekha. Anayamba. Mkazi uja anatseka maso nkutsegula pakamwa, ndipo a Wilbroad anati tsitsi linawaimirira, anatsala pang'ono kuiwala zala zawo. Zonse zinkayenda ngati madzi mpaka pakati pa ndime yachiwiri.

"Mwana anamuchaya m'mimba. Tinaona na maso, dilesi inachita kudumpha. Mukazi ati, ha! Koma sanaleke, anapitiliza mpaka kumapeto. Ndiye paja pamene anthu amakuwa m'mabala. Amaganiza vinangu, vopusa. Ni mwana chabe anachaya."

A Fanuel anakana. Anati nyimbo yolakwika situluka mu situdiyo yawo, bola afufute imodzi ya m'mawa kuti abwereze iyi. Oimba ena anavomera. A Daka, munthu amene sankakweza mawu ngakhale kwa galu, anaima kutsogolo kwa makina atatambasula manja.

"Ati, mwana wanga waimbako. Mukafuta apo, mufute na ine wamene."

Mwana wanga. Pauline anagwira thunthu la mtengo. Zaka zonsezi ankadana ndi mphekesera, ndipo pansi pa mtima panali kachiyembekezo kakang'ono koti mwina ndi bodza la anthu. Tsopano kanazima.

"Ali kuti uyo mwana?"

"Aliko. Mukulu, wabwino, wamakani monga wiso."

"Zina lake? Lorna akhala kuti?"

A Wilbroad anavala chipewa chawo. "Apo nafika pa mpanda, mwana wandi. Ninalumbila kuli bawiso, ndipo munthu akafa lumbilo silifa. Kafunse amai ako. Kulibe munthu amuziba Lorna kupambana beve."

Anafika kwawo ku Ndeke, mu Kitwe, dzuwa litapendeka. Amuna pa tenti anali akukangana za amene agula shafuti iti ya mgodi, ndipo wina, mowa utamufika, ankaimba "Undidikire pa Geti" chapansipansi mpaka anzake anamugwira pakamwa. Pauline sanapereke moni kwa aliyense. Anapempha amayi a Anna Woyera kuti amuthandize kudzutsa wamasiye apite kuchipinda akasinthe zovala, ndipo atalowa anawathokoza nkutseka chitseko.

M'chipindamo munali katundu wa malemu, atamuunjika pakona kudikira tsiku logawa: majombo a mgodi, chisoti, jekete la ukwati, gitala yopanda mawaya awiri, galamafoni ndi katoni ya mbale. A Anastasia anakhala pa bedi.

"Naonana na ba Wilbroad," anatero Pauline. "Mwana aliko. Lorna anali na mimba tsiku lija, ndipo a Daka ananena pamaso pa anthu kuti ni yawo. Imwe munaziba. Zaka zonse izi munaziba, osatiuza."

Mayi ake anachotsa chitenje kumutu. Nkhope yawo inali yaing'ono, yotuwa, ndipo sinkaoneka ya munthu woyera mtima amene parishi inkamutama. Inkaoneka ya munthu wogwidwa.

"Anakuuza za kileti?"

Pauline anavomera ndi mutu.

"Inali ya mabotolo a Fanta. Inandicheka kuphazi kuno, chipsera chake chilipo." Anayang'ana chitseko, nkutsitsa mawu. Kenako, mosachenjeza, anayamba kuimba. Mawu anali okalamba, osasa ndi kulira kwa masiku atatu, koma anali omwewo. Ndidikira, ndidikira, ngakhale dzuwa lilowe. Pauline anawamva akuimba nyimbo za m'tchalitchi moyo wake wonse, ali pakati pa amayi makumi atatu, ndipo sanaganizepo. Munthu sayang'ana mbala pa guwa.

"Kulibe Lorna, Polina. Sanakhaleko. Ndinaperekeza atate ako ku Ndola kuti ndikagule matewera, ndinali panja pa benchi kuwadikira. Mimba ija inali ya miyezi seveni. Iwe unabadwa mu Meyi."

Pauline anakhala pansi, pa simenti, pomwe anaimapo.

A Anastasia analankhula osamuyang'ana. Bambo awo, a Nehemiah, anali katekisiti woopedwa, ndipo analola ukwati ndi mnyamata wa gitala pa pangano limodzi lokha, lonenedwa pamaso pa ankhoswe: mwana wawo asadzaimbe nyimbo za m'mabala. Tsiku lija ku Ndola onse awiri ankaganiza kuti kanyimbo kachitatu kadzakhala kuseri kwa mbale, kosamvedwa ndi munthu. Koma ndi kamene kanagwira moto. Tsiku lina a Nehemiah anakamva kakutuluka m'bala akuchokera ku Misa, ndipo anabwera kunyumba ndodo ili m'manja, atatsimikiza kutenga mwana wawo ndi khanda lomwe.

"Anafunsa kuti, Ignatius, mawu awa ndi a mwana wanga? Ine ndinali kuchipinda ndi iwe kubere, ndikunjenjemera. Atate ako anati iyayi, ndi mkazi wina wa ku Ndola. Anati ndani? Pakhoma panali kalendala ya sopo, ya mtsikana wa wigi. Anangotola dzina m'mutu. Lorna."

"Agogo anafa nili giledi faifi," anatero Pauline. "Pambuyo pake munali kuopa ndani?"

Kunja amayi anayamba nyimbo ina.

"Palibe. Ndinali nditazolowera." A Anastasia anapinda chitenje pa maondo, nkuchipindanso. "Anthu ankandimvera chisoni, mwanangu, ndipo chisoni chimakoma. Anandisankha kukhala wapampando. Ankandipatsa atsikana kuti ndiwalange. Ndikanaima bwanji nkunena kuti hule amene mumatukwana uja ndine? Atate ako anandipempha katatu kuti ndikuululire. Tsiku lija unawanyoza, anandipempha usiku wake, akulira. Ndinati mawa. Utachoka pakhomo kukayamba ntchito anapemphanso. Lachisanu lapitali m'chipatala anandigwira dzanja, ati Anastasia, muuze Polina, ine sindinena, ndi chinsinsi chako. Ndinati mawa, mukachira tidzamuuze tonse."

Zengerezu adalinda kwawukwawu, akulu anatero, koma kwawukwawu ameneyu anagwera munthu wina. Pauline anafuna kukuwa kuti amve onse a pa tenti. Anafuna kuwagwedeza mayi akewo mpaka mpando wawo wa kumwamba ugwe. Koma ukali wake unasowa poima, chifukwa paliponse pamene unkaponda unkapeza iye mwini: yunifomu ili m'thupi, pakamwa pali mwano, kenako Lewis ataima pa khomo la ofesi kawiri konse, akuti atate akukuitana.

"Munanibela atate," anatero. "Na ine ninakuthandizani."

Mayi ake sanakane.

Chitseko chinagogodedwa, ndipo azakhali a Keziya analowetsa mutu osadikira kuyankhidwa. "Wabwera? Wamupeza mwanayo? Akuluakulu akufuna kudziwa chiwerengero."

"Ana ni awili, azakhali. Ine na Lewis. Kunja kulibe mwana."

"Nanga za Lorna zija?"

Pauline anayang'ana mayi ake. A Anastasia anatenga chitenje kuti aphimbenso mutu, manja anafika m'mapewa, nkuima. Anachitsitsa.

"Alamu," anatero, "itanani akuluakulu ndi amayi a bungwe. Mlongo wanu sapita ndi dzina limeneli. Ndili ndi mawu."

Azakhali anawayang'ana onse awiri, nkugwira mkono wa wamasiye ndi kutuluka naye. Pauline anatsala yekha. Anamva nyimbo ikudukira pakati m'chipinda chochezera, mapazi a amuna akulowa, kenako bata. Sanapite kukamvera. Zimene zinkanenedwa kumeneko zikanakonza dzina la a Daka m'Ndeke, koma kwa iye zinabwera mochedwa ndi masiku atatu.

Anakokera katoni ya mbale pafupi. Imene ankaifuna inali pamwamba penipeni, m'chikwama cha pepala chimene chinang'ambika nkumatidwa ndi selotepi kangapo. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, galamafoni sikanalira. Anatulutsa mbaleyo nkupita nayo pa windo.

Mbale yonse inali yakuda, yonyezimira, ngati yogulidwa dzulo. Koma chapakati panali mzere umodzi wozungulira, wopyapyala, wotuwa ngati phulusa, pamene singano inatera nkuteranso, Lamlungu ndi Lamlungu, kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, mpaka kudya mbaleyo. Ngakhale zaka khumi ndi chimodzi zija zinali momwemo.

Pauline anaika nsonga ya chala pa mzerewo ndipo anaizungulitsa pang'onopang'ono mpaka inabwerera pamene inayambira.

"Namvela, atate," anatero.